Nsambo Zokhwefula

Kutada, Orsola adabwerera ku nyumba ya zisudzo ya ku Mantova kukakhwefula nsambo za zeze wake wamakedzana, poti za matumbo a nkhosa zimaduka zikagona zokunga. Adapeza wina atazikhwefula kale.

Mumdimamo mkazi wina ankaimba nyimbo ya sewero lawo, la Mgiriki yemwe adaletsedwa kucheuka pokatenga mkazi wake kwa akufa. Kukoma kwakeko, Orsola adaiwala kupuma.

"A Bastiano, akuimbayu ndani?" Orsola adanong'oneza mlonda wa pamalopo.

"Mayi, ine zaka zonsezi ndimangomvera. Tiyeni, musacheuke."

Nyimbo idawatsatira mpaka pakhomo, kenaka idadukiza pomwe zeze wa Orsola amayankha m'seweromo.

Nsambo zokhwefula zija zidayankha, mwaluso kuposa mwini wake. Khosi la Orsola lidayamba kutembenuka.