Ndibwera Pompano

"Usatuluke, chitsiru iwe!" holo yonse inakuwa.

Mtsikana wa mufilimu anatembenukira anzake. "M'mafilimu otere, wonena kuti 'ndibwera pompano' sabweranso," anatero akuseka, kenaka n'kutuluka. Chigawenga cha chigoba kumaso chinamubaya pakhonde pomwepo, anthu n'kuomba m'manja.

Mayi ena muholomo anatsonya. Gawo lachisanu la filimuyi, mpeni womwewo, kufa komweko. Opanga filimu akuwatukwana oonera maso ndi maso, eniake mano onse pamtunda.

Iwo filimu analibe nayo ntchito. Anabwera kudzalondera mwana wawo wamkazi, poti mnyamata wometa tsitsi, yemwe wakhala akuzungulirazungulira pageti pawo, anali pamzere wakumbuyo.

"Amayi, ndipiteko kuchimbudzi. Ndibwera pompano."

"Fulumira," anayankha osacheuka.

Maso awo anali pa mayi wina wa mufilimumo, amene ankapaka zikhadabo utoto mwana wake akutulukira pawindo.

"Mayi wanji ameneyu?" analankhula mokweza. "Anabereka yekha kapena anachita kutola? Mwana akuthawa, iye ali phee ngati thumba la makala!"

"Mwalowa mpingo wathu tsopano, amayi," anaseka bambo wa pambali pawo.

"Ine? Ndilibe nthawi ya zopusa."

Anamulalatirabe mayi uja mpaka chigawenga chinamupeza.

"Zakukhala bwino!" anatero.

Magetsi atayaka, pampando wa mwana wawo panali juzi yokha. Anacheukira kumbuyo. Wometa tsitsi uja sanasiye ngakhale juzi.