Tambala Afungatira Mazira

Padangokhalatu, anzanga, Tambala wina amene anagula tchesi, masewera a pabolodi omenyanitsa timafumu ndi tiasilikali, n'kuphunzitsa banja lonse. Tsiku lina anauza mkazi wake, Thadzi, kuti, "Mayi a ana, mukandigonjetsa, mazira anuwo ndifungatira ine!"

"Mwanena nokha, bambo," anatero Thadzi.

Masewera anayamba, apongozi ndi alamu akuonerera. Tambala akangodya kamsilikali kamodzi, ankasolola khosi, kutsinzina, n'kulira kokoliliko kuti mudzi wonse umve. Koma Thadzi, poti anazolowera kuyang'ana pansi akamapalasa, maso ake sanachoke pabolodi. Anadya kavalo, kenako mfumukazi, n'kupanikiza mfumu pakona, Tambala n'kugonja.

"Bambo, mazira akuzizira uko."

Ine ndinakadzionera ndekha! Bambo wamkulu ali phee pamazira, mutu uli zyoli, mayi wathu akuyenda monyang'wa pabwalo, ife tikululutira.