Zala Zitatu za Agogo

Ndinkasankha mpunga m'lichero pang'onopang'ono pamene a Thomson, mkulu wa mpingo ku Kachulu, anafika pakhonde.

"A Bizweki, akuti mdzukulu wanuyu akulemba mbiri ya banja? Zakale n'zakale," anatero kwa agogo.

Agogo anabisa dzanja lawo la zala zitatu. Nkhani yonse inali m'kope langa, pamphasa pomwepo. Mu 1972 anakana kugula khadi la chipani. Anyamata a chipanicho anawapanikiza dzanja pamtondo, nkhwangwa inatsika, ndipo anathawira ku Mozambiki pabwato magazi akudonthera m'nyanja ya Chilwa.

A Thomson anatsomphola kopelo. Nditaligwira, anandiwomba mbama, mpunga n'kumwazika.

Ndinalavula magazi.

"Ng'ambani, bambo," ndinatero. "Ndaloweza kale kuti nkhwangwa ija munagwira ndinu. Lamulungu ndikanena m'tchalitchi mwanu."