Suti ya Mwana wa Telala

Panali munthu wina, mwana wa telala, amene ankaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Nkhaniyi ndi yoona, oidziwa akadali moyo. Anzake ankamutcha Mphezi chifukwa zala zake zikagwira laputopu sizinkaoneka. Nzeru anali nazo, palibe angakane. Koma ana a masiku ano nzeru zikawakwana m'mutu, makutu amatsekeka.

M'chaka chomaliza aphunzitsi anagawa ophunzira m'magulu a anthu anayi. Gulu la Mphezi linauzidwa kupanga pulogalamu yondandalika odwala pachipatala, kuti anthu asamakanganirane pamzere. Aphunzitsiwo ananeneratu kuti: "Tsiku loonetsa ntchito ndidzalemba maina anu pa timapepala n'kutolapo kamodzi. Wotoledwayo ndiye adzayankhire gulu. Akalephera iye, mwalephera nonse."

M'gulumo munali anyamata ena awiri, ndi mayi wina amene anabwerera kusukulu atabereka kale. Onse ankangomutcha Make Mapasa. Mutu wake unkagwira pang'onopang'ono, koma khama linalipo. Anamupatsa gawo lolembetsa odwala. Analimbana nalo masabata atatu, kenako analiika pamalo a pa intaneti pamene onse ankasonkhanitsira ntchito yawo. Mphezi analiona pamwamba chabe, analifufuta lonse, n'kulemba lake osauza munthu.

M'mawa mwake mayiyo anamupeza m'chipinda cha makompyuta.

"Achimwene, gawo langa lija lapita kuti?"

"Ndalikonza, mayi. Linkazungulira ngati kalata yopita kwa apongozi."

"Ndiye ndionetseni pamene ndinalakwitsa, nanenso ndidziwe."

"Nthawi ndilibe. Inu kalereni mapasa, malikisi mudzawapeza atapsa kale."

Anyamata awiri aja anaseka. Ataona kuti wolima alipo, iwo anasiya kubwera, n'kumangodikira kukolola.

Kunyumba, bambo ake a Mphezi anali akusoka suti yoti mwana wawo adzavale polandira digiri. Chifuwa chinali chitawavuta kwa nthawi yaitali, maso nawo atachita ng'ala, moti ulusi ankaulowetsa pa singano mongopapasa. Ankanena kawirikawiri kuti: "Ndikuone utaivala, kenako Mulungu anditenge."

Tsiku lina bambowo ankamuyesa mapewa mu shopu yawo yosokeramo.

"Kweza mkono. Anzako aja akuchitapo chiyani pa ntchitoyo?"

"Amangondichedwetsa, bambo. Ndamaliza ndekha."

"Mwanawe, ine muno ndikadula nsalu ndimamuonetsa wondithandiza kusoka chifukwa chimene ndadulira choncho. Ndikapanda kutero, tsiku limene ndagona ndi malungo kasitomala amabwerera chimanjamanja."

"Bambo, makompyuta si mathalauza. Inu sukulu munangoidutsa pakhomo, zimenezi zisiyeni."

Mkuluyo anangoluma ulusi. Ndi mmene amatiyankhira ana amene tinawaphunzitsa ndi misana yathu.

Kutatsala masiku awiri kuti aonetse ntchito ija, Mphezi anapatsa anzake mapepala oti aloweze. Anati amene atoledwe angolakatula zimenezo basi.

Tsiku linafika. Aphunzitsi anayamba atsegula malo a pa intaneti aja, paja amaonetsa dzina la amene analemba mzere uliwonse umene uli mu pulogalamuyo. Panatuluka dzina limodzi lokhalokha, la Mphezi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Aphunzitsiwo anagwedeza timapepala m'kapu n'kutola kamodzi. Kanali ka Make Mapasa.

Mayiyo anaimirira n'kulakatula zonse zimene analoweza, osaphonya.

"Mwaloweza bwino," anatero aphunzitsi. "Tsopano khalani pa kompyutapo. Pachipatala pafika mayi woyembekezera, matenda amuyamba, koma ali nambala 40 pamzere. Sinthani pulogalamuyi kuti alowe patsogolo."

Make Mapasa anakhala pansi. Anayang'ana mizere ya pulogalamu ija.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "m'gawo limene ndinalemba ine zimenezi zinalimo. Ndinaimapo pamzere wachipatala ndili ndi pakati pa ana awiri, ndikuudziwa ululu wake. Koma izi zili panozi si zanga, sindikudziwa pogwira."

Mphezi anadzambatuka. "Ndichite ine, aphunzitsi. N'za mphindi ziwiri zokha."

"Khalani pansi. Ndikudziwa kuti mungathe. Koma ndinatuma anthu anayi, ndipo wabwera mmodzi atapondereza atatu."

Onse anayi anauzidwa kubwereza chaka. Make Mapasa sanabwererenso, chifukwa tchuthi chimene anamupatsa kuntchito kwake chinali chitatha. Potuluka sanamutukwane Mphezi. Anangoti: "Achimwene, ndinakupemphanitu kuti mundionetse."

Mphezi anafika ku shopu n'kupeza suti itasitidwa, mabatani onse atasokereredwa.

"Yatha, mwanawe. Tsiku lake ndi liti?"

"Chaka chamawa, bambo."

Mkuluyo sanafunse chifukwa. Anaikuta sutiyo ndi pepala kuopa fumbi, n'kuipachika pa msomali kuseri kwa makina. Anakhala pansi, n'kutsokomola kwa nthawi yaitali.

Chaka chamawacho sanachione. Patapita miyezi isanu anamwalira. Mphezi analibe chovala china choyenera, choncho anatsitsa suti ija pa msomali n'kuivala poperekeza bambo ake kumanda. Inamukhala bwino kwambiri, moti anthu ena pamaliropo ankanong'onezana kufunsa kuti anamusokera ndi telala wa kuti.

Phunziro: Ntchito ya gulu si mpikisano. Ngati uli ndi nzeru kuposa anzako, aphunzitse, usawafufute, chifukwa kapepala kadzagwera amene unamunyoza. Ndipo mkulu wosaphunzira akakulangiza, usamuwerengere makalasi. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu ali m'masukuluwo, aiwerenge ife tikadali ndi mpweya.