Thabwa la pangalande yathu

Amuna anga a Wensley, omwe amaphunzitsa Chidatchi kuno ku Nickerie, analonjeza kubweretsa nsomba yamchere, koma mpaka kunada osatulukira. Ndinapita ndekha kugolosale ya Mtchaina, ndikutukwana njira yonse.

Pobwerera ndinawapeza ataima pathabwa lowolokera ngalande ya pakhomo pathu.

"Abambo inu, manyazi mulibe? Ine ndizivutika mumdima, inu muli kumowa?"

Sanasunthe. Thabwa limenelo limapindika ngakhale podutsa galu, koma pansi pa iwo linali lowongoka bwinobwino.

"Wachita schrik," anatero. Ndi mawu a Chidatchi omwe timanena kuno munthu akadzidzimuka ndi mantha. "Ukudziwa kuti kale mawuwa ankatanthauza kudumpha?"

"Zakusukuluzo mukauze ophunzira anu mawa! Tachokani ndidutse, mpunga ukupserera!"

Pomwepo ndinamva munthu akutsokomola m'nyumba mwathu. Kenako anamveka mawu a a Wensley, akufunsa mwana wathu kuti amayi ake alowera kuti.

Uja wa pathabwa anamwetulira, n'kuloza madzi akuda a m'ngalandemo.

"Ndiye dumphatu," anatero, akuyandikira.