Chitseko cha Kabogi

Woweruza mpikisano wopanga zidole za sitima anawerama, nayeza kabogi ka katundu ndi lula. Mawilo, misomali, penti yofwifwa, zonse zinafanana ndi bogi ya sitima yakale. Bambo wamasiye amene anakapanga ankaonerera ali pambali. Mphoto inali pafupi. Chinatsala ndi chitseko, chimene anavutika nacho miyezi isanu kuti chizikakamira ngati chenicheni.

"Ine ndinagwirapo ntchito m'bogi imeneyi," anatero woweruzayo. "Chitseko chake chinkafuna amuna awiri ndi kutukwana."

Anachikhudza ndi chala. Chinatseguka myaa!

"Ayi, si imeneyi." Anapita patebulo lina.

Mwana wamkazi wa bamboyo ananong'ona monyadira: "Mwaona, Bambo? Ndinachithira mafuta m'mawa."

Bamboyo anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali.

"Zikomo, mwanangu," anatero.