Dzina la Eveless Linasowa Tsiku la Mayeso

Panali munthu wina, mtsikana wa ku Nathenje dzina lake Eveless Chikaonda, amene anasankhidwa kukaphunzira pa yunivesite ina muno mu Lilongwe. Nkhaniyi ndi yoona. Anandiuza ndi mnzanga amene amagwira ntchito pasukulupo, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

Kwawo konse Eveless anali woyamba kuponda ku yunivesite. Bambo ake, a Davison, anakamusiya ku Area 3 kwa azakhali ake amene amagwira ntchito ya m'nyumba, kuti azichokera kumeneko popita kusukulu.

Sabata yoyamba, mayi Nyirenda, mlangizi wa ophunzira atsopano, anawasonkhanitsa onse nkuwauza kuti: "Chaka chino maphunziro asintha, makosi ena ali ndi manambala atsopano. Musanalembetse kanthu pa kompyuta, bwerani ndi fomu yanu tiione limodzi. Pasiwedi yanunso musapatse munthu."

Tsiku lolembetsa, mzere wa ku ofesi ya mayi Nyirenda unafika mpaka panja, dzuwa likuswa mtengo. Eveless anaima maola awiri, njala itamupola. Kenaka kunatulukira Frazer, wophunzira wa chaka chachitatu, foni ili m'manja, akuyankhula ngati sukuluyo ndi ya bambo ake.

"Sisi, mukupsereranji padzuwa pano? Zomwe mwabwerera inuzi ndi zomwe ndikuphunzira ine. Makosi onse ali m'mutumu. Bweretsani pasiwedi, mphindi zisanu tathana."

"Koma a madamu anati tiyambe taonana nawo," anatero Eveless.

"Aaa, a madamu aja ntchito kuopseza ana a chaka choyamba. Ife tonse tinadutsa momwemu."

Eveless anapereka. Frazer anadinadina, nkumuonetsa foni: makosi asanu ndi imodzi alowa. Mwana wa eni anathokoza mpaka kuwomba m'manja, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Ndandanda ya nthawi zolowera m'kalasi anangokopera kwa anzake, ndiye tsiku ndi tsiku ankalowa kumene anzakewo akulowa.

Kulimbikira kokha ankalimbikira, apo tisamunamizire. Ankadzuka m'mamawa, kuwathandiza azakhali kusesa, kuthamangira minibasi ku depoti, ndipo kalasi sanajombepo.

Sabata yachitatu, mphunzitsi wa masamu atabweza mapepala anafunsa: "Eveless Chikaonda ndi uti? Wakhoza bwino, koma dzina lako pamndandanda wanga palibe. Upite ku ofesi lero lomwe."

Abale inu, ofesiyo inali pompo, kungowoloka bwalo basi! Koma Eveless anachita mantha kuti mayi Nyirenda akamufunsa chifukwa chake sanabwere ndi fomu. Mmalo mwake anakafuna Frazer.

"Osadandaula sisi, makompyuta a pano amachedwa. Dzinalo lituluka lokha."

Mphunzitsi winanso anamuuza zomwezo patapita mwezi. Eveless anangoti, "Zikukonzedwa, sala." Zikukonzedwa ndi ndani? Ine zinthu ngati zimenezi zimandipsetsa mtima, chifukwa safunsa anadya phula.

Mayeso a masamu anafika Lachinayi m'mawa. Woyang'anira anaima pakhomo ndi mndandanda, akulowetsa mmodzimmodzi. Atafika Eveless, anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, nkubwerezanso.

"Chemwali, inu mulibemo. Imani pambali anzanu adutse."

"Chonde bwana, onaninso. Ndakhala ndikuphunzira kosi imeneyi kuyambira tsiku loyamba."

"Ine ndimalowetsa amene ali papepalapa."

Chitseko chinatsekedwa iye ali panja. Apa ndiye anathamangira kwa mayi Nyirenda kuja ankakuopa kuja, misozi ili mbwembwembwe. Mayiwo anatsegula kompyuta, nkugwira kukamwa.

"Mwanawe, anakulembetsa ndani?"

Eveless anaulula zonse.

"Awa ndi manambala akale," anatero mayi Nyirenda. "Makosi atatu apawa anatsalira anthu obwereza okha, ndipo mayeso ake analembedwa Lolemba ndi Lachiwiri. Pano zikuonetsa kuti iwe unajomba. Atatu atsopano amene wakhala ukuphunzirawo sunalembetse n'komwe."

"Mayi, ndithandizeni, simungasinthe?"

"Ukanabwera mwezi woyamba uja ndikanasintha ndili khale pompano. Pano anatseka kalekale. Popanda makosi amenewa sungapitirire. Udzayambirenso chaka chamawa."

Eveless anagwada pansi mu ofesimo, koma sizinathandize. Mayi Nyirenda nawo chisoni chinawagwira.

Atatuluka, Eveless anamuimbira Frazer.

"Eveless wake uti?" anafunsa Frazer. "Tsiku lija ndinathandiza anthu ambiri." Atamva nkhani yonse anangoti, "Eee pepani sisi, ife tinalembetsa omwewo nthawi yathu," nkudula foni.

Loweruka lake a Davison anabwera m'tauni kudzagula mbewu, nkudzera ku Area 3 kuti amve mmene mayeso akuyendera. Anamupeza mwana wawo ali khuma pakhonde. Azakhali ndi amene anafotokoza. Bambowo sanakalipe. Anapotokola chipewa chawo m'manja, kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Mwana wanga, pakhomo pa aziphunzitsi unkadutsapo tsiku lililonse. Chinakukanika n'chiyani kugogoda?"

Eveless anangolira.

Phunziro: Ukalowa ku yunivesite, makosi lembetsa wekha, werenga nambala iliyonse ndi maso ako, ndipo pasiwedi usapatse munthu ngakhale ayankhule mokoma chotani. Ukalakwitsa, pita ku ofesi msanga, manyazi a tsiku limodzi saposa chaka chotayika. Tumizani uthengawu kwa makolo ndi kwa ana onse amene angosankhidwa kumene, wakutsina khutu ndi mnansi.